Mfuti za alendo zimagwetsa wolamulira, koma siziumba boma

Ikangomveka nkhani yoti mtsogoleri wa dziko lina akuwombera anthu ake pamsewu, akutsekera otsutsa m'ndende, kapena wabera chisankho dzuwa likuswa mtengo, sipalephera kutuluka wina wofunsa kuti: nanga mayiko amphamvu aja akudikira chiyani? Bwanji osangotumiza asilikali akamuchotse? Funsoli sindilinyoza. Amene amalifunsa nthawi zambiri ndi anthu achifundo, amene aona zithunzi za mitembo ndipo mtima wawapweteka. Nanenso zimandiwawa. Koma njira imeneyi yayesedwa kambirimbiri m'zaka 50 zapitazi, ndipo zotsatira zake sizobisika. Zina mwa izo zikuphabe anthu mpaka lero.

Mfundo yanga ndi yakuti asilikali achilendo amatha kuchotsa munthu pampando, kawirikawiri mwachangu chodabwitsa, koma alibe mphamvu yochititsa eni dziko kuvomereza amene walowa m'malo mwake. Pakati pa kugwa kwa wakale ndi kukhazikika kwa watsopano pamatsala mpata, ndipo mumpata umenewo ndi momwe mumathera anthu ambiri, anthu omwe palibe adawafunsa maganizo nkhondo isanayambe.

Tiyambire ku Iraq, chifukwa kumeneko zonse zidachitika dziko lonse likuona. Nkhondo idayamba pa 20 Malichi 2003. Pofika pa 9 Epulo, akasinja a America adali pakati pa mzinda wa Baghdad, ndipo chiboliboli cha Saddam Hussein chidagwetsedwa pabwalo la Firdos. Masabata atatu okha. Pa 1 Meyi, George W. Bush adaimirira pa sitima yankhondo ya pamadzi n'kulengeza kuti kumenyana kwakukulu kwatha.

Koma Baghdad atangogwa, chidayamba ndi kuba. Maunduna, zipatala, sukulu zaukachenjede, ngakhale nyumba yosungiramo zinthu zamakedzana ya dzikolo, zonse zidathyoledwa. Anthu adanyamula mipando, makompyuta, mawaya a magetsi, zitseko pamodzi ndi mafelemu ake. Apolisi adali atabalalika, ndipo asilikali achilendo ankangoyang'ana. Unduna wa zamafuta udali m'gulu la malo ochepa omwe adaikapo alonda. Anthu a ku Iraq adaziona zimenezo, ndipo sadaziiwale.

Kenako kudafika Paul Bremer, yemwe America idamuika kuti ayendetse dzikolo. M'mwezi wa Meyi womwewo adasaina malamulo awiri. Loyamba lidachotsa ntchito akuluakulu a chipani cha Baath m'boma. Pongomva chabe, lamuloli limaoneka lachilungamo, popeza chipanichi ndicho chidali dzanja la Saddam. Vuto ndi lakuti mu ulamuliro wake, munthu wofuna kukwezedwa pantchito ya boma ankafunika khadi la chipani, kaya ndi mphunzitsi, dokotala woyang'anira chipatala kapena injiniya wa zamadzi. Choncho pamodzi ndi ambanda enieni padachotsedwanso aphunzitsi zikwizikwi ndi anthu amene ankadziwa kayendetsedwe ka magetsi ndi mipopi. Lamulo lachiwiri lidathetsa gulu lonse lankhondo, amuna pafupifupi 400,000.

Taganizirani za mmodzi mwa amunawo. Ali ndi zaka 40, ndipo ntchito yokhayo yomwe amaidziwa ndi ya mfuti. Dzulo adali ndi udindo, malipiro a pamwezi ndi chiyembekezo cha penshoni. Lero mlendo wasaina pepala, zonsezo zapita. Kunyumba ana akufuna chakudya. Mfuti yake adabwerera nayo kumudzi, ndipo akudziwa kumene kuli nkhokwe za zipolopolo ndi mabomba, zambiri mwa izo zopanda mlonda. Munthu wotere safunika kumukopa nthawi yaitali. Mu Juni asilikali akalewa adachita zionetsero ku Baghdad kufuna malipiro awo. Pambuyo pake adayamba kupatsidwa kangachepe, koma madzi adali atafika kale m'khosi. Pa 19 Ogasiti, galimoto yodzaza mabomba idaphulika ku likulu la bungwe la United Nations mumzindawo n'kupha anthu 22, kuphatikizapo nthumwi yaikulu ya bungwelo, Sergio Vieira de Mello.

Apa pali chinthu chimene okonda njira ya nkhondo sachiganizira mokwanira. Wolamulira wankhanza akakhalitsa, amamangirira chilichonse pa iye mwini: asilikali, makhoti, malipiro, ziphaso, ngakhale kagawidwe ka chakudya. Nthawi yomweyo amakhala akuthyola chilichonse chomwe chikadatha kuima pachokha, monga zipani zotsutsa, mabungwe a ogwira ntchito, nyuzipepala ndi atsogoleri achipembedzo osamugwadira. Ndiye kuti wolamulira akaipitsitsa, m'pamenenso pamakhala palibe chotsala choti wina n'kulandira iye akagwa. Dziko lomwe limatigwira mtima kwambiri kuti tikalipulumutse ndi lomwenso silichedwa kuphwasuka likalowedwa ndi nkhondo.

Boma likaphwasuka, munthu amathawira kwa amene angamuteteze, ndipo amenewo amakhala a mtundu wake kapena a chipembedzo chake. Ku Iraq, Asilamu ali m'magulu awiri, a Shia ndi a Sunni. A Shia ndiwo ambiri, koma kwa zaka zambiri mphamvu zidali m'manja mwa a Sunni, pomwe a Kurd kumpoto adali ndi mabala awoawo. Mu Febuluwale 2006, mzikiti wolemekezeka wa a Shia ku Samarra utaphulitsidwa, anthu oyandikana nyumba adayamba kuphana. M'mawa uliwonse ku Baghdad kunkatoledwa mitembo m'misewu. Dzina lolembedwa pa chiphaso linkatha kumuphetsa munthu pamalo ofufuzira apamsewu, moti ena ankayenda ndi ziphaso ziwiri, china cha dzina lomveka la Shia, china la Sunni. Pofika 2007, anthu oposa 2 miliyoni adali atathawira kunja, makamaka ku Syria ndi ku Jordan, ndipo enanso pafupifupi 2 miliyoni adali othawa kwawo m'dziko momwemo. Bungwe la Iraq Body Count, lomwe limawerenga imfa zokhala ndi umboni wolembedwa zokhazokha, lapeza anthu wamba oposa 180,000 ophedwa pa ziwawa kuyambira 2003.

M'chipwirikiti chimenechi ndi momwe mudabadwira gulu la zigawenga la ISIS. Mtsogoleri wake, Abu Bakr al-Baghdadi, adakhalako m'ndende ya asilikali a America ya Camp Bucca mu 2004, ndipo ena mwa akuluakulu a nkhondo a gululi adali asilikali akale a Saddam. Mu Juni 2014 adalanda mzinda wa Mosul. Mu Ogasiti adafika ku Sinjar, komwe adapha amuna a mtundu wa Yazidi n'kugwira amayi ndi atsikana ukapolo. Zida zoopsa zopha anthu ambirimbiri, zomwe zidali chifukwa chachikulu choyambitsira nkhondo ya 2003 ija, sizidapezeke. Ndipo dziko lomwe lidapindula kwambiri ndi kugwa kwa Saddam ndi Iran, mdani wa America yemweyo.

Ena amayankha kuti vuto la ku Iraq lidali kusakonzekera chabe. Ali ndi pogwira. Lipoti la kafukufuku wa boma la Britain wotsogozedwa ndi John Chilcot, lomwe lidatuluka mu Julayi 2016, lidapeza kuti kukonzekera za pambuyo pa Saddam kudali koperewera kotheratu, komanso kuti njira zamtendere zidali zisanathe pomwe nkhondo inkayamba. Chaka chomwecho Barack Obama adavomera kuti cholakwa chake chachikulu pa utsogoleri chidali kusakonzekera za ku Libya Gaddafi akadzagwa. Ndiye akuti ulendo wina tikadzakonzekera bwino, zidzayenda.

Ine sindikhulupirira zimenezo, ndipo chifukwa chake chili pa munthu amene alendo amamukhazika pampando. Munthu ameneyu amakhala ndi mabwana awiri. Akamvera alendo omwe adamubweretsa, anthu ake amamutcha chidole. Akamvera anthu ake, alendo aja amamuona ngati wosayamika, n'kuyamba kufunafuna wina. Palibe pulani yomwe ingachotse vuto limeneli, chifukwa limabwera ndi njira yomwe munthuyo adafikira pampandopo.

Ku Afghanistan nthawi idalipo, ndalama zidalipo. America ndi anzake adagwetsa boma la Taliban kumapeto kwa 2001, n'kukhala komweko zaka 20. Hamid Karzai, yemwe adatsogolera boma latsopano, adatha zaka zambiri za utsogoleri wake akudandaula poyera za mabomba a ndege ndi zipikisheni za usiku zomwe zinkapha anthu wamba, koma analibe mphamvu yoziletsa m'dziko lomwe ankati akulilamulira. Mu Febuluwale 2020, America idasainirana pangano ndi a Taliban ku Doha, boma la ku Kabul lisali patebulo n'komwe. Pa 15 Ogasiti 2021, Ashraf Ghani, mtsogoleri wa dzikolo nthawi imeneyo, adathawa ndipo a Taliban adalowa mu Kabul popanda nkhondo yeniyeni. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Aliyense m'dziko lolowedwa amadziwa kuti tsiku lina asilikali achilendo adzapita kwawo, choncho mdani amangodikira, ndipo munthu wochenjera saika moyo wake wonse pa boma lomwe laima ndi mphamvu za opita. Amene adakhulupirira ndi mtima wonse ndi amene adavulala kwambiri: omasulira zinenero, atolankhani, oweruza aakazi, atsikana omwe lero saloledwa kupitirira sukulu ya pulayimale. Tonse tidaona anyamata atakakamira kunja kwa ndege yankhondo yomwe inkanyamuka pabwalo la Kabul, ena n'kugwa kuchokera m'mwamba.

Wina asaganize kuti matendawa ndi a mayiko a azungu okha. Nkhani ya Tanzania ndi Uganda imandivuta kwambiri, chifukwa pamenepo wolowererayo adali ndi chifukwa chomveka. Idi Amin ndiye adayamba, polanda dera la Kagera la Tanzania mu Okutobala 1978. Adali atapha kale anthu ake ochuluka zedi. Julius Nyerere adabweza, ndipo sadaime pamalire. Pa 11 Epulo 1979 Kampala adagwa, Amin adathawa, anthu adavina m'misewu. Nyerere adayesetsanso kukonzekera: asanalande Kampala, magulu a anthu a ku Uganda othawira kunja adakumana ku Moshi n'kugwirizana za boma latsopano.

Nanga chidatsatira n'chiyani? Yusuf Lule, yemwe adasankhidwa ku Moshi, adakhala pampando masiku 68 okha. Godfrey Binaisa, yemwe adamulowa m'malo, sadakwanitse chaka. Chisankho cha Disembala 1980 chidabwezeretsa Milton Obote pakati pa madandaulo aakulu akuti chaberedwa, ndipo mu Febuluwale 1981 Yoweri Museveni adalowa m'tchire. Nkhondo ya m'dera la Luweero idapha anthu osawerengeka. Obote adagwetsedwa ndi asilikali ake mu 1985, ndipo bata lenileni ku Kampala lidayamba kuoneka mu 1986, pomwe gulu lankhondo la eni dziko lidapambana palokha. Tanzania nayo idatsala ndi ngongole ya nkhondo pa chuma chomwe chidali chofooka kale. Sindinganene kuti Amin akadangosiyidwa. Ndikungoti ngakhale wolowerera wa zolinga zabwino, woyandikana nalo dzikolo, wodziwa anthu ake, adalephera kupereka boma lokhazikika.

Ku Congo zidafika poipa koposa. Mu 1996 Rwanda ndi Uganda adathandiza zigawenga za Laurent-Désiré Kabila kuchotsa Mobutu Sese Seko, ndipo mu Meyi 1997 Kinshasa adagwa. Ndi ochepa amene adamulira Mobutu. Koma Kabila adakumana ndi vuto lija la mabwana awiri. Anthu a ku Kinshasa sankakondwa kuona asilikali a ku Rwanda akulamula mumzinda wawo, ndipo mu Julayi 1998 Kabila adawauza kuti azipita. Pasanathe sabata, omwe adamukweza aja adayamba nkhondo yoti amutsitse. Zimbabwe, Angola ndi Namibia adalowa kumbali yake, ndipo nkhondoyo idakoka mayiko ambiri a mu Africa. Mu 2000, asilikali a Rwanda ndi a Uganda, omwe adalowa ngati abwenzi, adamenyana okhaokha masiku asanu ndi limodzi mkati mwa mzinda wa Kisangani, mabomba awo akugwera pa nyumba za anthu a ku Congo. Ambiri mwa mamiliyoni amene adafa m'zaka zimenezo adafa ndi njala ndi matenda, atathawa minda yawo ndipo zipatala zitatsekedwa. Kum'mawa kwa dzikolo mfuti sizinaleke kulira mpaka pano.

Libya ndi nkhani yomwe iyenera kutikhudza tonse a mu Africa, chifukwa moto wake sudathere m'malire a dzikolo. Pa 17 Malichi 2011, nthambi yoona zachitetezo ya United Nations idavomereza chigamulo nambala 1973, cholola kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza anthu wamba, makamaka a ku Benghazi omwe Muammar Gaddafi ankawaopseza. Mayiko khumi adavomereza, kuphatikizapo South Africa, Nigeria ndi Gabon. Russia, China, India, Brazil ndi Germany sadavote mbali iliyonse. Chigamulocho sichidanene zochotsa boma. Koma ndege za NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi mayiko a ku Ulaya, zidapitiriza kuphulitsa kwa miyezi isanu ndi iwiri, zikutsegulira njira zigawenga, mpaka Gaddafi adagwidwa n'kuphedwa ku Sirte pa 20 Okutobala. Bungwe la African Union lidatumiza atsogoleri, kuphatikizapo Jacob Zuma, ndi ndondomeko yokambirana. Zigawenga zidaikana, ndipo n'zosadabwitsa: amene ali ndi ndege za NATO pamwamba pake alibe chifukwa chokhalira pansi ndi mdani.

Pali tauni ina yotchedwa Tawergha, pafupi ndi Misrata, yomwe anthu ake ambiri ndi akuda. Ankawaimba mlandu woti adathandiza asilikali a Gaddafi pozinga Misrata. Mu Ogasiti 2011, magulu a mfuti a ku Misrata adathamangitsa tauni yonse, anthu oposa 30,000, n'kuotcha nyumba zawo. Kwa zaka zambiri adakhala m'misasa, osaloledwa kubwerera. Izi zidachitika nkhondo yoteteza anthu wamba ili mkati, ndipo ochita zimenezi adali mbali yomwe ndege zinkaiteteza. Anthu ochokera kumwera kwa Sahara omwe ankagwira ntchito m'dzikolo nawonso adasakidwa powaganizira kuti ndi asilikali aganyu. Pofika 2017, wailesi yakanema ya CNN idaonetsa anthu akugulitsidwa pamsika ngati akapolo. Kuyambira 2014 dzikolo lakhala ndi maboma awiri opikisana, lina ku Tripoli, lina kum'mawa. Mu Seputembala 2023 madamu awiri omwe adakhala zaka zambiri osakonzedwa adaphulika pamwamba pa mzinda wa Derna, madzi n'kukokolola anthu zikwizikwi usiku umodzi. Imfa zotere sizilowa m'chiwerengero cha ophedwa pa nkhondo, koma gwero lake ndi lomwelo: dziko lopanda boma limodzi loti n'kuyang'anira damu.

Nkhokwe za zida za Gaddafi zitatseguka, mfuti zidawoloka chipululu. Ankhondo a mtundu wa Tuareg omwe ankamutumikira adabwerera ku Mali ali ndi zida zamphamvu, ndipo mu Januwale 2012 adayambitsa kuukira kumpoto. Mu Malichi asilikali a Mali, okwiya ndi kugonja kwawo, adalanda boma la Amadou Toumani Touré. Magulu a zigawenga zachipembedzo adalanda Timbuktu ndi Gao. France idatumiza asilikali mu 2013, n'kudzachoka mu 2022 vutolo litafalikira kale ku Burkina Faso ndi ku Niger. Mali adali ndi mavuto ake akale, zimenezo n'zoona, ndipo sikuti zonse zidayamba ndi Libya. Koma mlimi wa m'mudzi wa ku Burkina Faso amene wathawa munda wake lero analibe mawu pa zomwe zidakambidwa ku Paris, ku London ndi ku Washington mu 2011.

Libya idawononganso chinthu china chamtengo wapatali. Mu 2005 mayiko onse adagwirizana mfundo yoti boma likalephera kuteteza anthu ake ku kupululidwa, mayiko ena ali ndi udindo wochitapo kanthu kudzera ku United Nations. Idali mfundo yabwino, yobadwa ndi manyazi a zomwe zidachitika ku Rwanda ndi ku Srebrenica m'dziko la Bosnia. Itangogwiritsidwa ntchito ngati khomo lochotsera boma, Russia ndi China adatseka chitseko. Mu Okutobala 2011 adaletsa chigamulo chokhudza Syria, akutchula zomwe zidachitika ku Libya. Adali ndi zolinga zawozawo, sindikuwayeretsa, koma adapatsidwa chonamizira chabwino, ndipo olipira adali anthu a m'mizinda ya ku Syria ya Homs ndi Aleppo. Olamulira ena nawo adatolapo phunziro lawo. Gaddafi adasiya ntchito yopanga zida za nyukiliya mu Disembala 2003 pofuna kuyanjana ndi mayiko a kumadzulo. Patatha zaka zisanu ndi zitatu adafa imfa ija. Boma la North Korea lidanena poyera mu 2011 kuti Libya idapusitsidwa kuti itaye zida zake, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene wakwanitsa kulinyengerera kuti litaye zake.

Tsono pali mafunso awiri omwe sindingawazembe. Loyamba ndi la Germany ndi Japan, omwe adagonjetsedwa mu 1945 n'kudzakhala mayiko a demokalase olemera. Yankho lake ndi lalifupi. Mayiko amenewo ndiwo adayamba nkhondo, adagonja kotheratu, ndipo adali ndi maboma olimba, mafakitale ndi anthu ophunzira kuyambira kale. Ku Japan, America idasiya mfumu pampando wake n'kulamulira kudzera m'maunduna omwe idawapeza, zosiyana kwambiri ndi zomwe Bremer adachita. Ulamuliro wa alendo kumeneko udatha mu 1952, ndipo asilikali a America adakali m'mayiko onse awiriwo mpaka lero. Amene amatchula zitsanzo zimenezi satchula mtengo wake.

Funso lachiwiri ndi lolemera, ndipo ndi la Cambodia. Boma la Khmer Rouge la Pol Pot lidapha anthu pafupifupi 2 miliyoni m'zaka zosakwana zinayi. Amene adathetsa kuphako ndi asilikali a Vietnam, omwe adalowa kumapeto kwa Disembala 1978 n'kulanda Phnom Penh pa 7 Januwale 1979. Apa sindingatsutse. Pamene boma lenilenilo lasanduka makina ophera anthu ake, palibe chipwirikiti chomwe chingapose zomwe zikuchitika kale. Komabe ngakhale kumeneko, Vietnam idakhala zaka khumi ikumenya nkhondo m'dzikolo, ndipo Hun Sen, yemwe adalowa ndi boma lomwe alendowo adakhazika, adalamulira kuyambira 1985 mpaka 2023, pomwe adasiyira mwana wake mpando. Chomwe ndikukana ndi kutenga nkhani ya Pol Pot n'kuiveka wolamulira aliyense amene sitimukonda. Saddam adapha anthu ambiri a Kurd mu 1988 ndi a Shia mu 1991, ndipo nthawi imeneyo palibe adapita kukamuchotsa. Nkhondo ya 2003 sidabwere kudzaletsa kupha komwe kunkachitika tsiku limenelo.

Nanga Rwanda? Kumeneko mayiko adalakwa posachita kanthu, ndipo mlandu umenewo sudzafufutika. Mu Epulo 1994, kupha kuli pachimake, United Nations idachepetsa asilikali ake kufika pa 270 okha. Koma zomwe mkulu wa asilikaliwo, Roméo Dallaire, ankapempha zidali asilikali okwanira ndi chilolezo choteteza anthu obisala m'matchalitchi, m'sukulu ndi m'mabwalo a masewero. Sadapemphe kukasankhira anthu a ku Rwanda mtsogoleri. Kuima pakati pa wakupha ndi wophedwa ndi ntchito yokhala ndi malire, yodziwika pothera. Kugwetsa boma n'kumanga lina ndi ntchito yomwe palibe amadziwa pothera pake. Amene amasakaniza ziwirizi mwadala, monga zidachitikira ku Libya, amapha mwayi wa ntchito yoyambayo.

Chitsanzo chomwe ndimachiona kuti chidayenda bwino ndi cha Gambia, ndipo chifukwa chake chikugwirizana ndi mfundo yanga. Pa 1 Disembala 2016 anthu a dzikolo adavotera Adama Barrow. Yahya Jammeh adavomera kugonja, kenako adatembenuka. Mu Januwale 2017 asilikali a ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, motsogozedwa ndi Senegal, adawoloka malire, ndipo pa 21 Januwale Jammeh adakwera ndege kupita ku Equatorial Guinea popanda nkhondo. Alendo sadabweretse mtsogoleri wawo. Eni dziko adali atasankha kale, maunduna adapitiriza kugwira ntchito, asilikali a dzikolo sadathetsedwe, ndipo khomo lokambirana lidali lotsegula mpaka ola lomaliza. Zoterezi sizichitikachitika, ndipo Gambia ndi dziko laling'ono kwambiri. Mu 2023 bungwe lomwelo lidaopseza kulowa ku Niger asilikali atalanda boma, koma lidabwerera m'mbuyo litaona kuti nkhondoyo ikadakoka Mali ndi Burkina Faso. Ndikuona kuti lidachita bwino kubwerera, ngakhale kuti kulanda bomako kudali kolakwa.

Lamulo loletsa dziko kulowa m'dziko lina ndi nkhondo, lomwe lili m'ndime 2(4) ya pangano lokhazikitsa United Nations, nthawi zina limateteza anthu oipa. Zimenezo zimawawa. Koma mayiko amphamvu safuna lamulo kuti atetezeke, ali ndi zida. Lamuloli ndi mpanda wa mayiko ang'onoang'ono ndi osauka, ndipo aliyense wouthyola amasiya chibowo choti wina adzadutsirepo. Kofi Annan adanena mu Seputembala 2004 kuti nkhondo ya ku Iraq idali yosemphana ndi panganolo. Pa 24 Febuluwale 2022, Vladimir Putin polengeza nkhondo yake ku Ukraine adatchula Iraq ndi Libya podzilungamitsa, asilikali ake akulunjika ku Kyiv kukachotsa boma losankhidwa ndi anthu. Kulakwa kwa ena sikumuchotsera mlandu wake ngakhale pang'ono. Koma mayiko ambiri a ku Africa ndi Asia atapemphedwa kuti adzudzule, ena adazengereza, chifukwa ankakumbukira kuti opemphawo adathyolapo mpanda womwewo.

Chomwe chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi nkhani ya olipira. Amene amalamula nkhondo zotere amamaliza nthawi yawo ya utsogoleri, n'kukapuma kwawo mwamtendere. Mwa mayiko omwe ndawatchula kuti adalowerera, Uganda ndi yomwe idafikitsidwa ku khoti la mayiko onse ku The Hague n'kugamulidwa kuti ilipire. Congo idapempha madola oposa 11 biliyoni. Mu Febuluwale 2022 khotilo lidagamula madola 325 miliyoni, olipira pang'onopang'ono m'zaka zisanu. Chaka chomwecho, Iraq idamaliza kulipira madola 52.4 biliyoni achipepeso chifukwa cha kulowa kwa Saddam ku Kuwait mu 1990. Ndalamazo zinkadulidwa pa mafuta omwe dzikolo limagulitsa, kwa zaka zoposa 20, kuphatikizapo zaka zomwe ana a ku Mosul ankagona m'matenti. Pa nkhondo ya 2003, kapena ya ku Libya ya 2011, palibe bungwe lotere lomwe lidakhazikitsidwa.